Magazi akachepa m'thupi mwa mayi: poyambira ndi zotsatira zake

M'midzi ya ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, mayi akamaima kawirikawiri asanamalize mzere umodzi popalira, kapena akamatula ndowa panjira pochokera ku mjigo, anthu sachedwa kunena kuti wayamba ulesi. Akakhala woyembekezera amangoti, "Ndi pathupipo, zimatero." Nthawi zambiri amakhala kuti magazi amuchepera. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Mozambique wa mu 2011 anapeza kuti amayi 54 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi magazi ochepa. Chondipweteka n'chakuti izi zikuchitikanso kuno kumene nyemba, soya, mtedza ndi mbatatesi zimadzaza malole opita mumzinda wa Tete, zina n'kuwoloka malire pa Calómuè ndi pa Zóbuè, pamene mayi amene anazilima akudyera nsima masamba owiritsa ndi mchere.

Ambiri akamva za magazi ochepa amathamangira kufunsa kuti adye chiyani. Chakudya n'chofunika, ndipo tifikako. Koma kuthira madzi mu ndowa yobooka n'kudzitopetsa chabe. Ndondomeko yake ndi iyi: dziwani kuti magazi atsika bwanji, imwani mankhwala mpaka amalize ntchito, tsekani komwe magazi akuthera, kenako konzani za m'khitchini ndi za m'nkhokwe.

Choyamba: dziyang'aneni masana

Tulukani panja powala, osati m'nyumba. Uzani mnzanu atsitse chikope chanu chakumunsi ndi chala. Mkati mwake muyenera kufiira. Mukaoneka motumbuluka, ngati moyera, n'chizindikiro. Onaninso zikhatho, lilime ndi pansi pa zikhadabo. Kenako ganizirani masabata apitawa: kodi mukadzuka mwadzidzidzi mumachita chizungulire? Mtima umagunda mothamanga mukakwera kachitunda komwe kale simunkakamva? Mutu umawawa pafupipafupi? Mumalakalaka dothi la pachulu kapena la pakhoma? Kudya dothiku ambiri amakutenga ngati nkhuli ya pathupi, koma kawirikawiri kumayenda limodzi ndi kuchepa kwa ayironi, mchere umene thupi limagwiritsa ntchito popanga magazi, ndipo dothilo limawonjezera vuto chifukwa limatchinga ayironi kulowa m'magazi komanso limatha kukhala ndi mazira a njoka za m'mimba.

Za kuonda, zovala zimanena zoona. Bulauzi imene inkakuthinani m'mikono ikayamba kukhwepa, thupi likutha.

Pali zizindikiro zina zosadikira tsiku la msika kapena kubwera kwa abambo: kupuma mobanika mutangokhala pansi, kutupa mapazi ndi nkhope, kukomoka, kapena kutaya magazi muli ndi pakati. Apo pezani njinga yamoto tsiku lomwelo.

Chachiwiri: kayezetseni, ndipo funsani nambala yake

Diso limanama. Munthu akhoza kukhala ndi magazi ochepa chikope chikuoneka bwinobwino. Pitani ku centro de saúde mukanene momveka kuti, "Anamwino, ndikufuna mundiyeze kuchuluka kwa magazi." Amabaya chala, ndipo zotsatira amazilemba ndi zilembo za Hb. Kwa mayi wosayembekezera, nambala ikatsika pa 12 ndiye kuti magazi achepa. Kwa woyembekezera malire ndi 11, ndipo ikatsika pa 7 ndi ngozi yeniyeni, yofunika chipatala chachikulu monga cha Ulónguè kapena cha chigawo mumzinda wa Tete, kumene angathe kuwonjezera magazi. Pemphani kuti nambalayo ailembe m'kabuku kanu, chifukwa mudzaifuna pobwereranso.

Ulendo womwewo yezetsani malungo ndi HIV, popeza zonsezi zimatsitsa magazi. Ngati munaonapo magazi mumkodzo, nenani. Anamwino akhozanso kukuyezani mkono ndi kalamba kamanambala. Kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, mkono ukachepera masentimita 23 ndiye kuti thupi laperewera zakudya ndipo pamafunika chithandizo chapadera. Kumene chipatala chili kutali, yambani ndi APE, wothandiza zaumoyo wa m'mudzi mwanu, amene amatha kuyeza malungo n'kukulemberani kalata yopitira kuchipatala.

Musaganize kuti zoyezetsazi n'za oyembekezera okha. Mtsikana amene wangotha msinkhu, mayi woyamwitsa, mayi amene akufuna kudzatenga pakati chaka chamawa, onsewa akuyenera. Pathupi pamodzi pamadya ayironi wokwana pafupifupi mamiligalamu 1,000. Wolowa m'pathupi magazi ali ochepa kale amavutika kufika kumapeto, ndipo magazi ochepa chabe otayika pobereka, omwe mnzake sangawamve n'komwe, iye akhoza kumutengera kumanda.

Chachitatu: mapiritsi a sal ferroso, mpaka athe

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Mapiritsi a ayironi ofiirirawa amalandiridwa ku sikelo, amamwedwa masiku ochepa, kenako amakathera pansi pa chikwama kapena pa denga. Zifukwa zake zimadziwika: amanunkha chitsulo, ena amawachititsa nseru, ena amadzimbidwa, ndipo chimbudzi chimada bii. Kuda kwa chimbudziko kusakuopseni, ndi ayironi wotsala amene thupi silinatenge. Nseru imachepa mukamamwa piritsi usiku mutatha kudya, pokagona. Kudzimbidwa kumachepa ndi madzi ambiri, papaya ndi masamba. Thupi limazolowera pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Zikakanika, bwererani mukafotokoze, osangosiya mwakachetechete.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi woyembekezera azimwa tsiku lililonse ayironi wa mamiligalamu 30 mpaka 60 pamodzi ndi folic acid, kuyambira pamene wazindikira pakati, ndipo apitirize kwa masabata 6 mpaka 12 atachira. Folic acid amateteza msana ndi ubongo wa mwana m'masabata oyambirira enieni, n'chifukwa chake kubisa pakati mpaka mimba itaonekera kumatayitsa mwayi. Ndikudziwa kuti mwambo wathu sulola kulengeza pathupi pakadali pang'ono. Simukuyenera kuuza mudzi. Uzani anamwino okha, mukangozindikira. Amene wapezeka kale ndi magazi ochepa amapatsidwa mlingo wokulirapo, ndipo mlingowo anene ndi achipatala, osati wogulitsa mankhwala pamsika.

Mezerani piritsi ndi madzi, kapena madzi a malambe. Musamezere tiyi, khofi kapena mkaka, chifukwa zimagwira ayironi asanalowe m'thupi. Mukaiwala tsiku limodzi musamwe awiri mawa lake, ingopitirizani. Ndipo mukayamba kumva mphamvu pakatha masabata atatu, musanene kuti mwachira. Magazi amayamba kukwera msanga, koma nkhokwe ya ayironi m'thupi imatenga miyezi pafupifupi itatu kuti idzaze.

Mphekesera yakuti mapiritsiwa amakulitsa mwana mpaka kukanika kubereka ndi yabodza. Chomwe amachita ndi kuchepetsa chiopsezo chobereka mwana wonyentchera kapena wosakwana masiku. Choona choopsa n'chimodzi: mwana wamng'ono akameza mapiritsiwa ambiri akhoza kufa. Amaoneka ngati maswiti. Asungeni pamwamba, m'chitini chotseka.

Chachinayi: tsekani komwe magazi akuthera

Malungo ndiwo mbala yaikulu, chifukwa tizilombo take timaswa timaselo tofiira ta m'magazi. Mayi woyembekezera akhoza kukhala nato tizilomboti osamva kutentha thupi, titabisala m'nsengwa. Motero kuyambira sabata ya 13 amapatsidwa Fansidar mwezi uliwonse, kumwera pamaso pa anamwino, kosachepera katatu pathupi ponse. Amene akumwa cotrimoxazole chifukwa cha HIV samwa Fansidar, choncho nenani mankhwala onse omwe mukumwa. Neti ya udzudzu igonedwe usiku uliwonse. Kuzizira kwa ku Tsangano ndi ku Dómuè kusakunamizeni kuti udzudzu kulibe. Dzinja likafika umaswana m'madambo, ndipo ndi miyezi yomweyo imene chakudya chimasowa ndi ntchito yakumunda imachuluka. Neti yotchingira nazale ya tomato kapena khola la anapiye ikusiya mayi pambalambanda.

Njoka za m'mimba za mtundu woyamwa magazi zimalowera pakhungu la kumapazi munthu akaponda dothi lonyowa lomwe lili ndi chimbudzi. Valani ngakhale patapata popita kuchimbudzi ndi kudimba. Mankhwala ake, mebendazol kapena albendazol, ndi piritsi limodzi lokha, ndipo woyembekezera amamwa miyezi itatu yoyamba ikadutsa. Likodzo nalo limatsitsa magazi pang'onopang'ono kwa amene amachapa ndi kusamba m'madzi odekha okhala ndi nkhono. Mankhwala ake ndi praziquantel.

Za kumwezi sitikambirana kawirikawiri, komatu ndi njira yaikulu yotayira ayironi. Ngati mumasamba kupitirira masiku 7, kapena mumasintha nsalu ola lililonse, kapena mukutuluka zimagazi zoundana zikuluzikulu, kanene kuchipatala. Njira zina zolera zimachepetsa msambo, pamene lupu yamkuwa kwa ena imauchulukitsa, ndiye anamwino adziwe za magazi anu musanasankhe. Mukabereka, dikirani zaka ziwiri musanatenge pakati pena kuti thupi libweze zomwe linataya. Mtsikana wotenga pakati iye akukulabe amalimbirana chakudya ndi mwana wa m'mimba mwake. Lamulo la Mozambique nambala 19/2019 limaletsa kukwatiwa munthu asanakwane zaka 18, ndipo ankhoswe ndi anamkungwi ayenera kulidziwa.

Chachisanu: m'khitchini

Nsima imakhutitsa, koma ayironi ilibe wokwanira, makamaka ya ufa woyera umene gaga wake wapita ku nkhumba. Magazi ali mu ndiwo. Ndiye funso la tsiku lililonse likhale lakuti, kodi lero m'mbale mwanga mwalowa mitundu ingati? Akatswiri a zakudya amagawa zakudya za amayi m'magulu 10 ndipo amati mayi azidya osachepera 5 patsiku. Nsima, nyemba, nkhwani wotendera, kapenta pang'ono ndi mango: magulu asanu akwana kale mopitirira, popanda kugula nyama.

Ayironi amene thupi limatenga mosavuta ndi wa zamoyo zokhala ndi magazi. Kapenta wa ku Cahora Bassa ndi wabwino chifukwa amadyedwa yense, mutu, mafupa ndi zam'kati. Musamudule mitu. Ndalama ikachepa, gulani kamulu kamodzi, mukazinge pamoto wochepa mpaka aume gwaa, musinje mumtondo, musunge m'botolo louma. Supuni imodzi kapena ziwiri za ufawu muzithira mu masamba, mu nyemba kapena m'phala. Kamulu komwe kakanatha tsiku limodzi kamafika masiku angapo, ndipo kansomba kochepa kameneka kamathandiza thupi kutenganso ayironi wa m'masambawo. Pophedwa mbuzi kapena nkhuku, chiwindi, mtima ndi impso zisamangopita kwa abambo ndi alendo. Kachidutswa ka chiwindi kamodzi pa sabata n'kokwanira, ndipo woyembekezera asachulutse chifukwa chili ndi vitamini A wambiri zedi. Uwende wophika bwino, kwa amene chipembedzo chawo chimalola, uli ndi ayironi wambiri. Ngumbi, mphalabungu, ziwala ndi mbewa si zakudya zochititsa manyazi. Dzira nalo mayi woyembekezera adye. Zoti mwana adzabadwa wopanda tsitsi zilibe umboni, ndipo zamana amayi ambiri chakudya chomwe chinali pakhomo pawo pomwe.

Ayironi wa mu nyemba, khobwe, nandolo, soya ndi masamba ndi wouma mutu, salowa m'thupi msanga. Amafuna mnzake, vitamini C. Apa chigawo chathu n'chodala. Malambe ndi masawu ochokera kumadera otentha a Changara ndi Moatize ali ndi vitamini C wambiri, chimodzimodzi magwafa, mango, papaya, mandimu ndi tomato wosaphika kwambiri. Vikani malambe m'madzi owiritsa omwe azizira, osati otentha, musefe, mumwere pa chakudya. Kapena finyirani ndimu mu ndiwo mutaphula kale. Chipatso chidyedwe pamodzi ndi nsima, osati kudikira madzulo.

Tiyi amachita zosiyana ndi zimenezo. Sindikuti musiye, koma mutalikitse ndi chakudya kapena piritsi ndi ola limodzi kapena awiri.

Kaphikidwe ka masamba ndi kofunika kukaonetsetsa. Tsukani bonongwe, luni, chisoso, khwanya, kholowa kapena nkhwani musanadule, chifukwa mukatsuka mutadula zabwino zimapita ndi madzi. Madzi ophikira akhale ochepa ndipo ayambe awira, thirani masamba, vindikirani, ndipo pakapita mphindi zochepa phulani akadali obiriwira. Msuzi wake musataye. Soda ndi chidulo zimafewetsa msanga koma zimapha vitamini C ndi mavitamini ena. Therere lisiyeni ndi soda wake, koma nkhwani wanthete mukamusadzula bwino amapsa popanda soda. Tenderani ndi nsinjiro kapena thirani mafuta pang'ono kuti vitamini A alowe m'thupi. Chigwada chokha ndicho chofunika kusinja ndi kuphika nthawi yaitali kuti ululu wake uchoke.

Nyemba zivikeni usiku wonse, mutaye madziwo, muphike ndi atsopano. Zimapsa msanga, nkhuni zimapulumuka, ndipo chinthu china cha m'njere chimene chimatchinga ayironi kulowa m'thupi chimachepa. Kumeretsa ndi kusasitsa kumachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake thobwa la chimera cha mawere ndi chakumwa chabwino kwa mayi woyamwitsa. Soya amene timagulitsa yense kwa ogula a pamsewu, siyaniko. Mukazinge kapena kuwiritsa mpaka apse, chifukwa wosapsa savomerezeka m'mimba, mugayitse makapu anayi a chimanga ndi kapu imodzi ya soya, muziphika phala lam'mawa musanapite kumunda. Amayi ambiri amagwira khasu kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa pamutu m'mimba muli pululu, ndipo kuonda kumayambira pamenepo.

Pogula mafuta, shuga kapena ufa wa m'mapaketi, yang'anani chizindikiro chakuti ndi chakudya chowonjezeredwa mavitamini. Kuyambira 2016 lamulo la dziko lino limakakamiza mafakitale kuthira ayironi ndi folic acid mu ufa wa chimanga ndi wa tirigu, komanso vitamini A mu mafuta ndi shuga. Koma ufa wogayitsa pa chigayo cha m'mudzi sukhala ndi zimenezi, ndiye kwa ambirife lamuloli silifika m'mphika.

Zakumwa zofiira zisakunamizeni. Coca-Cola wosakaniza ndi tomato wa m'chitini, madzi a masamba a mapeyala, zakumwa zotsekemera zamtundu wa magazi, zonsezi sizibweza magazi. Ndalama ya botolo limodzi ikanagula kapenta kapena mazira.

Chachisanu ndi chimodzi: pokolola, patulani za m'nyumba musanaitane wogula

Magazi a mayi a mu Febuluwale amakonzedwa mu Meyi. Musanagulitse, patulani nyemba, mtedza ndi soya zoti zifike mpaka zokolola zina, ndipo thumbalo lisakhudzidwe ngakhale mtengo utakwera. Futsani masamba akadali ambiri: viikani m'madzi owira mphindi ziwiri kapena zitatu, yanikani pamthunzi podutsa mphepo m'malo mwa padzuwa lamphamvu, musunge m'chikwatu kapena m'chigubu chouma. Mfutso wouma pamthunzi umasunga mtundu ndi mavitamini ambiri. Kudimba siyani bedi limodzi la ndiwo za pakhomo, losagulitsa. Bzalaninso mbatata yofiira mkati, imene Maria Andrade ndi anzake anaifalitsa kuno ku Mozambique mpaka kulandira mphotho ya World Food Prize mu 2016. Ili ndi vitamini A, amene amathandiza thupi kugwiritsa ntchito ayironi, ndipo kholowa wake ndi ndiwo.

Chachisanu ndi chiwiri: mbale ya mayi

Gawo ili ndikulankhula ndi inu abambo ndi inu apongozi. M'nyumba zambiri mayi amagawira onse, iye n'kudya zotsala m'mphika. Palibe amene anamulamula, koma palibenso amene amamuletsa. Muletseni. Woyembekezera amafunika kachakudya kowonjezera kamodzi patsiku, woyamwitsa kawiri: mtedza wodzaza dzanja, mbatata yootcha, kapu ya thobwa, nthochi. Kudya pang'ono dala kuti mwana akhale wamng'ono wosavuta kubereka kumafooketsa mayi pa tsiku limene akufunika mphamvu zonse. Ku sikelo kulemera kwake kuzikwera mwezi ndi mwezi. Kukaima malo amodzi, funsani chifukwa. Ndalama ya fodya kapena ya mbatatesi ikabwera, ya ndiwo ndi ya ulendo wa kuchipatala ipatulidwe poyamba. Miyezi yomaliza, mtolo wa nkhuni ndi ganyu zikhale za wina, ndipo ngati kwanu n'kutali, mayi akadikirire ku nyumba yodikirira ya pachipatala masiku asanakwane, chifukwa wa magazi ochepa sayenera kuberekera pakhomo.

Mwana wamkazi amene wayamba kusamba mumuwerengere pamodzi ndi amayi ake. WHO imalangiza kuti kumadera kumene vutoli n'lofala, atsikana ndi amayi osayembekezera azimwa piritsi la ayironi ndi folic acid kamodzi pa sabata, miyezi itatu kumwa, miyezi itatu kupuma. Kafunseni ngati chipatala chanu kapena sukulu yake ikupereka.

Chomaliza: bwererani pakatha mwezi

Tengani kabuku kaja ndi mapiritsi otsala, muyezetsenso. Ngati mwakhala mukumwa mokhulupirika, nambala iyenera kukwera ndi 1 kapena kupitirira pamenepo pa mwezi umodzi. Ikakwera, pitirizani mpaka achipatala atakuuzani kuti musiye. Ikapanda kusuntha, nenani zoona za masiku omwe munadumphitsa, ndipo ngati simunadumphitse, pemphani kuti afufuze zina: malungo obwerezabwereza, chifuwa chachikulu, zilonda za m'mimba zotaya magazi, zotupa za m'chiberekero, kapena matenda a magazi obadwa nawo. Zimenezi sal ferroso yekha sangazithe, ndipo mungafunike kalata yopitira kuchipatala chachikulu.